Nyanda ya a Chikakuda

Kankhirani chikunicho mkati, utsi ukutilowa m'maso. Nkhani iyi si nthano yoti muzivomera ayi. Mwini wake alipo, akudya ndi kumwa ngati inu nomwe, ndipo wokayika akhoza kukamuona yekha.

Mayi Rabeka Mtambalika, amene kwawo ankawatchula kuti Nankhoma, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'nyumba ina yosungiramo zaluso zamakolo mumzinda wa Lilongwe. Nyumbayo inali ya kabungwe kena kakang'ono. Pamene mayiwa ankayamba ntchito, munali malichero anayi, mtsuko wong'aluka ndi akangaude basi. Koma pofika chaka chimene ndikunenachi, munali mosowa popondera: mphasa, mikeka yamawangamawanga, nkhali, mikanda, zipande zosema, nsalu zathonje zoomba pamanja. Chilichonse anachipeza okha, akuyenda m'midzi momwe galimoto imakana kufika. Ankadziwa dzina la aliyense amene anaumba kapena kuluka chinthu chili m'menemo. Amisiri ambiri amene anthu ankawaseka kuti ndi otsalira anayamba kulemekezedwa chifukwa cha mayiwa. Pa banja sanakhalitsepo, ana analibe. Iwo ankati ana awo ndi omwe ali m'makabati amagalasiwo.

Mwa amisiri onse, amene ankawakonda kwambiri anali a Zakeyu Chikakuda a kwa Kambalame, kutsinde kwa mapiri a Dzalanyama. Mkuluyu anali womaliza m'dera lonselo wodziwa kusula nyanda, ndiko kumenya khungwa la mombo pachipika mpaka lifewe ngati nsalu. Ukamayandikira mudziwo unkayamba kumva kaye kulira kwa kanyundo kawo kamtengo, go, go, go, kenaka kupuma, go, go, go. Mayi Mtambalika anawayendera zaka zambiri. Anawatengera ku zionetsero, anawajambulitsa, ndipo mkuluyo ankawapatsa tinyanda tating'onoting'ono mosanyinyirika.

Koma kudenga la nyumba yawo kunali nyanda ina yopindidwa bwino, yaikulu, yofiirira ngati uchi. Tsiku lina mayiwa anaitambasula padzuwa nakhala kakasi. Inalibe chiboo ngakhale chimodzi, inalibe polumikiza.

"Agogo, iyi ndiye anthu ayenera kuiona," anatero.

"Imeneyo ayi, Nankhoma," anayankha mkuluyo, osakweza mawu. "Zinazi tengani. Iyo ndi yanga yopita nayo. Atate anga anagona m'nyanda, agogo anga chimodzimodzi. Ine ndikakafika nditavala za kusitolo, akandizindikira bwanji?"

Anaipempha kachiwiri chaka chotsatira, ndi chinanso. Yankho linali lomwelo.

A Chikakuda anamwalira kumayambiriro kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Uthenga utafika, Mayi Mtambalika analira ndithu, misozi yeniyeni. Komabe popita kumaliroko anaimitsa galimoto pa sitolo ina nagula bulangete latsopano, lochindikala, lofiira, lamaluwa akuda. Woyendetsa galimotoyo, a Faifi Lunguzi, bambo wachikulire amene ankasamaliranso nyumba ya zalusoyo, analiyang'anitsitsa bulangetelo, nayendetsa galimoto.

Anafika adzukulu asanayambe kukonza thupi. Mayiwa anaitanira kuseri mwana wamkazi wa malemuwo, Enelesi, mayi wa mvano amene kuyambira kale ankachita manyazi ndi makungwa a bambo ake.

"Achemwali, pepani ndi zovutazi," anatero Mayi Mtambalika. "Koma tamverani. Nyanda ija ikalowa m'manda, bambo anu afa kawiri. Chiswe chidya, ndipo palibenso adzadziwe kuti kuno kunali munthu wa manja otere. Ndipatseni ndikaisunge, iwo apite ndi bulangete ili. Dzina lawo lidzalembedwa pamenepo mpaka kalekale."

Enelesi anagwira bulangetelo, nalisisita.

"Koma ananena okha, Amayi."

"Ananena, inde. Nanga inu mukufuna abusa ndi anthu onsewa aone bambo anu akupita m'khungwa ngati analibe ana?"

Mawu amenewo ndi amene anagwira ntchito. Adzukulu atauzidwa anayang'anana, mmodzi nalavula pansi, koma mwini maliro anali atanena. A Chikakuda anaikidwa m'bulangete lofiira, ndipo nyanda inabwera ku Lilongwe pamiyendo pa Mayi Mtambalika.

Anaipatsa kabati yakeyake pakati pa chipinda chachikulu. Anthu anabwera, anazizwa, anyuzipepala analemba. Kalata inabwera yochokera kunja, yopempha kuti nyandayo ikaonetsedwe kumeneko chaka chamawa, mayiwa apite nayo. Sabata ziwiri zimenezo ankayenda ngati sakuponda pansi.

Choyamba kusowa chinali kansalu ka patebulo la alendo. Palibe anadandaula. Mawa lake linasowa katani la windo lina, ngowe zake zili m'malo mwake, zosathyoka. Kenaka jekete la a Lunguzi, limene ankalikoleka kuseri kwa chitseko zaka zonsezi.

"Wakuba wake ndi wopusa," anatero mayiwa. "Kusiya mikanda ndi wailesi, n'kutenga jekete lanu lija?"

A Lunguzi sanaseke. "Mayi, mwaona zimene zikusowazo? Zonse ndi zofunda."

Lachisanu anazipeza. Zinali m'chipinda chosungiramo katundu, chimene kiyi wake ankakhala m'chikwama cha mayiwa. Zinali zitaunjikidwa pakona, zamakwinya, ngati munthu anaziyesa chimodzichimodzi n'kuzitaya. Zinkanunkha dothi lonyowa, pamene mvula inali isanagwe miyezi isanu ndi umodzi.

Kenaka kunabwera phokoso. Silinkabwera usiku monga mukuganiziramo. Linkabwera masanasana, nthawi imene mzinda umakhala zii ndi kutentha, agalu ali lilime kunja. Go, go, go. Kupuma. Go, go, go. Mayi Mtambalika ananena kuti ndi akalipentala a kuseri kwa mpanda. A Lunguzi anapita kukaona, nabwerako n'kunena kuti akalipentalawo anasamuka mu Ogasiti. Ukaima pakhomo, phokosolo linkamveka ngati lili mkati. Ukalowa mkati, linkamveka ngati lili kutali kumsewu. Mzimayi wina woluka mikeka, amene anabwera kudzasiya katundu wake, anaima pafupi ndi kabatiyo, nakumbatira mapewa ake.

"Muno mukuzizira bwanji?" anafunsa. Anatuluka osadikira ngakhale madzi akumwa, ndipo sanabwerenso.

Lolemba lotsatira mayiwa ndi a Lunguzi anapita ku Mitundu kukaona oumba mbiya. Pobwerera, chapafupi ndi phiri la Bunda, anapitirira munthu akuyenda m'mphepete mwa msewu kulunjika kutauni. Ankayenda pang'onopang'ono, atawerama. Phula linkachita kusungunuka ndi dzuwa, koma iye anali atadzifunditsa bulangete kuyambira kumutu mpaka m'maondo. Lofiira, lamaluwa akuda.

Galimoto inagwedezeka pang'ono m'manja mwa a Lunguzi.

"Mabulangete amenewo ali mbwee m'masitolo," anatero Mayi Mtambalika, ngakhale kuti palibe anawafunsa.

"Inde, Mayi."

Sanayang'ane m'mbuyo.

Lachitatu mayiwa ali m'minibasi anamuonanso, tsopano ali kale m'mzinda, akudutsa pakati pa ogulitsa makala. Anthu ankamupatuka osamuyang'ana, monga mmene madzi amapatukira mwala. Lachinayi, alinso m'minibasi, anamuona pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Nkhope sanaione, bulangete linali litaphimba. Anangoona mapazi opanda nsapato, ofiira ndi katondo. Anafunsa mayi amene anakhala naye pampando kuti, "Kodi agogo awo sakumva kutentha?" Mayiyo anasuzumira pawindo, nafunsa kuti, "Ati?"

Madzulo a tsikulo a Lunguzi analowa mu ofesi chipewa chili m'manja.

"Mayi, ine ndagwira nanu ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sindinakutsutsenipo. Koma chinthu chija chibwerere kwawo."

"A Lunguzi, inu ndinu mkulu wa mpingo."

"N'chifukwa chake ndikudziwa kuti cha mwini ndi cha mwini."

Mayiwa anakwiya, nalankhula zambiri: za kalata yakunja ija, za ana asukulu amene sadzaonanso nyanda, za zaka zawo zonse zimene anathera m'fumbi. Atatha mawu, mayiwa anakhala pansi.

"Mawa m'mamawa," anatero. "Thirani mafuta."

Anafika kwa Kambalame dzuwa lili pamutu. Enelesi anali pakhonde akusenda chinangwa. Ataona chimene mayiwa ananyamula, anaimirira, mpeni n'kugwa.

"Musalowe nacho pabwalo panga!"

"Achemwali, ndabwera kudzabweza. Ndinalakwa."

"Mukubweza kwa yani? Mwini wake ali kuno? Ine kuyambira tsiku lija sindikugona, Amayi. Ndikatseka maso akungondiyang'ana, osalankhula. Munandipusitsa ndi pakamwa panu potsekemera. Pitani nacho."

Mayi Mtambalika anapita kwa mkulu wa adzukulu, bambo wina wamfupi wa diso limodzi. Anawamvetsera mpaka kumapeto akutafuna nzimbe.

"Manda sakumbidwa kawiri," anatero. "Tinakuyang'anani tsiku lija, inu munayang'ana kumbali."

"Ndiye ndiloleni ndikangoiyala pamwamba pa mtumbira."

"Mukayala pa mtumbira wa yani? Mukuganiza kuti akadali m'menemo?" Analavula zotsalira za nzimbe. "Mayi, bwererani kwanu. Mlendo wanu angakupezeni mulibe."

Pochoka, Mayi Mtambalika anauza a Lunguzi kuti aime pa kamtsinje ka Nankhanga, kamene kali kumalire a mudziwo. Anatsika naikoleka nyandayo panthambi ya mkuyu, nathamangira m'galimoto ngati mwana. Koma galimoto inakana kulira. A Lunguzi anatsegula kutsogolo, anagwira apa ndi apo, osapeza vuto. Anayesa kasanu. Mphepo kunalibe, koma nyanda ija inkagwedezeka panthambipo. Pomaliza mayiwa anatsika okha, nakaitenga. Atangokhala nayo pampando, injini inalira kamodzi n'kamodzi.

Anafika ku Lilongwe kukuda. A Lunguzi anapereka makiyi a galimoto ndi manja awiri.

"Mundikhululukire, Mayi. Ndili ndi zidzukulu."

Loweruka nyumbayo inkatsekedwa masana. Mayi Mtambalika anabwera okha m'mawa, nabwezera nyanda m'kabati yake poti analibe kwina koiika. Anaganiza zolemba kalata yovomera ulendo wakunja uja. Mumtima ankati, ikakwera ndege, tione ngati munthu wa pansi angaitsatire kuwoloka nyanja. Analemba mizere iwiri. Kenaka anazindikira kuti kunja kwangoti zii. Minibasi sizinkamveka, ngakhale wogulitsa nthochi wa pageti amene sankatseka pakamwa.

Geti linalira. Panamveka mapazi pamiyala, pang'onopang'ono, mpaka pakhonde.

"Odi."

Anali mawu otsika, aulemu, a munthu wosafulumira. Mayiwa anawadziwa. Anawamva zaka zambiri akuwalonjera pansi pa mtengo wa mango.

Ananyamuka chinyanyamphira napita kuchitseko chakumbuyo. Pamenepo anakumbukira kuti chitsekocho anachikhomeretsa ndi zitsulo zaka zisanu m'mbuyomo, akuba atayesa kuthyola. Mawindo onse anali ndi zitsulo zochindikala ngati chala chachikulu. Anaziikitsa okha, anasankha okha, kuti chilichonse chili m'katimo chisatuluke. Khomo linali limodzi, ndipo pakhomopo panali munthu.

Anatenga foni. Inayaka, koma aliyense amene anamuimbira, m'khutu munkangomveka go, go, go.

"Odi kuno."

Pansi pa chitseko pankalowa kuwala kwa dzuwa, ndipo pakati pa kuwalako panali mthunzi. Mthunziwo unatsika, n'kufutukuka. Mlendoyo anali atakhala pansi. Sanagogode, sanagwire chogwirira chitseko. Munthu woleredwa bwino salowa m'nyumba ya eni asanamuyankhe.

Mayi Mtambalika anakhala pansi kuseri kwa kabati ya mikanda, msana kukhoma. Ola linatha. Kuzizira kunayamba kukwera kuchokera pasimenti, kulowa m'mapazi, m'maondo, m'chiuno. Anafunda mkeka, osathandiza. Anapita pawindo nakuwa, "Anthuni! Thandizeni!" Kunja kwa mpanda anthu ankadutsa ndithu, mayi wina ali ndi mwana kumsana, bambo wina akukankha njinga, koma palibe anatembenuka, ngati mayiwa akukuwira pansi pa madzi. Anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa. Akafika pa ameni, kunja kunkamveka mawu aja, osakwiya, osatopa.

"Odi."

Anayang'ana zinthu zawo zonse zija, malichero, mitsuko, zipande, zimene ankazitcha ana. Zinangokhala duu m'magalasi, chilichonse ndi kapepala kake. Kwa nthawi yoyamba anadzifunsa kuti ndi zingati mwa izo zimene eni ake anapereka ndi mtima wonse, ndi zingati zimene anapereka chifukwa mayi wa galimoto ankadziwa kulankhula.

Dzuwa litapendeka, kuwala kwa pansi pa chitseko kutafiira, zala zawo zinali zitauma moti sankathanso kuzipinda bwino. Anadziwa kuti kukacha adzawapeza ali gwa pamenepo. Anadzikoka, natsegula kabati, natenga nyanda. Inali yofunda ngati yachoka pathupi la munthu.

"Odini," anatero. "Fikani, agogo."

Anatsegula chitseko maso ali pansi, nagwada pakhomo monga ankachitira kwa Kambalame, natambasula manja onse awiri. Anaona mapazi okha, ong'aluka, katondo ali m'zikhadabo, ndi mphonje ya bulangete itadetsedwa ndi ulendo. Fungo la dothi linadzaza khonde lonse.

"Mwaswera bwanji, Nankhoma?"

"Ndaswera, agogo. Pepani. Katundu wanu nayu."

Palibe dzanja limene linabwera kudzalandira.

"Munaonapo kuti munthu wonga ine akudziveka yekha?"

Mayiwa anamva. Anatseka maso, nakwawa ndi maondo mpaka anakhudza bulangete. Analivula pang'onopang'ono. Zimene manja awo anakhudza pansi pa bulangetelo sanauzepo munthu, ndipo ine sindikuwonjezerani. Anangonena kuti munthuyo anali wopepuka ngati mapesi. Anamukulunga nyandayo kuyambira m'mapewa, kuzungulira kawiri, n'kupisa nsonga yake m'khwapa. Atamaliza anamva mpweya wautali ukutuluka, wonga wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Eyaa," anatero mkuluyo. "Tsopano ndiye ndine."

Kutentha kwa Okutobala kunabwerera nthawi yomweyo. Minibasi inaliza hutala kumsewu. Mayi Mtambalika anayamba kulira ndi chimwemwe, poganiza kuti zatha.

"Koma tauni yanuyi yandisokoneza," anapitiriza mawuwo. "Pobwera ndimatsata fungo la nyanda yanga. Pobwerera nditsata chiyani? Tandiperekezani pang'ono."

Nonse mukudziwa mwambo wake. Mlendo akamapita umamuperekeza, ndipo subwerera mpaka iye atanena yekha kuti, bwererani pano. Mayiwa anaimirira. Anasiya chitseko chili pululu, chikwama chili patebulo, natsata.

Anthu ena anawaona madzulo amenewo akutuluka pageti, bulangete lofiira lili pamkono, maso ali pansi, akuyenda pang'onopang'ono ngati pali wina patsogolo. Wogulitsa nthochi uja anawalonjera, osayankhidwa.

Pofika pa mlatho mayiwa anachepetsa liwiro. Apa ndiye anena, anaganiza. Mapazi ofiira aja anangopitirira. Pomwe nyumba za tauni zimathera anaimanso pang'ono.

"Agogo, msewu ndi womwewu. Ukungolunjika."

"Tiyeni, Nankhoma."

Anayesa kutembenuka. Khosi linatembenuka, koma miyendo inakana, ngati ya munthu wina. Anayenda. Kunada, kunacha, akuyenda. Nsapato imodzi inaduka, anaisiya, kenaka inzake. Pa Bunda mayi wina wachifundo anawapatsa madzi m'chikho, anamwa akuyenda, chikho n'kuchigwetsa m'njira. Pa Mitundu oumba mbiya aja anawazindikira, nawathamangira, nawagwira mkono. Akuti mkonowo unali wozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo mayiwa anangonena kuti, "Ndisiyeni, ndikuperekeza alendo." Anawasiya. Pamphambano iliyonse, pamtengo uliwonse waukulu, mtima wawo unkadumpha kuti mwina apa. Mkuluyo ankangocheza nawo za mitengo, kuti mombo wabwino wa nyanda ndi wa pamtunda, wosapsa ndi lupsa, kuti khungwa limasendedwa mvula ikayamba. Za kubwerera sanatchule.

Tsiku lachitatu m'mawa anawoloka Nankhanga. Anadutsa kuseri kwa mudzi, m'minda yowuma, mpaka pamene payambira msitu wa kumanda. Pamenepo mapazi aja anaima. Mayi Mtambalika anagwada m'fumbi, mapazi awo akutuluka magazi, nadikira.

M'katikati mwa mitengo munamveka ngati anthu ambiri akuyankhula chapansipansi, monga amachitira achibale akaona wawo akutulukira pa njira. Wina anaseka. Mapazi ofiira anasuntha, masamba owuma analira kawiri, katatu, kenaka zii.

"Agogo?" anaitana mayiwa. "Agogo, ine ndibwerere?"

Kunalira njiwa yokha.

Amene anawapeza ndi mkulu wa adzukulu uja, dzuwa litakwera. Anawanyamula ndi anzake mpaka kwa Enelesi. Enelesi, amene usiku umenewo anagona tulo koyamba chimwalirire bambo ake, sanawathamangitse. Anawatsuka mapazi ndi madzi amchere, nawapatsa phala. Patapita sabata mayiwa anachira, nzeru zawo zili bwinobwino. Ankakumbukira zonse, ankacheza, ankaseka.

A kabungwe kaja anatumiza galimoto. Mayiwa anatsanzika, nakwera. Galimoto itangoyamba kutsikira ku Nankhanga, anayamba kubanika ngati wina wawakoka ndi chingwe pakhosi, maso kutuzuka, mpaka woyendetsa anabwerera m'mbuyo. Mpweya unabwerera. Anayesa mwezi wotsatira, wapansi, atagwirana manja ndi amayi a mvano akuimba. Phazi litangokhudza madzi, anagwa. Achibale awo anabwera ndi abusa, ena anabwera ndi munthu wa mankhwala kuchokera kutsidya la Mozambiki. Onse anabwerera okha.

Ntchito ija anapatsa wina. Ulendo wakunja unafera m'mazira. Mayi Mtambalika anamangiridwa kanyumba kuseri kwa Enelesi, ndipo akukhala komweko mpaka lero, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Amalima, amatunga madzi pachitsime cha m'mudzi, amaphunzitsa atsikana kuluka mikeka. M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, amapita pamphepete pa msitu uja, n'kugwada, n'kutchera khutu. Kenaka amadzuka, n'kusasa fumbi m'maondo.

Chaka chatha a Lunguzi analimba mtima nakawaona. Anawatengera shuga ndi magalasi awo owerengera amene anatsala patebulo tsiku lija. Anacheza tsiku lonse. Mayiwa anafunsa za mitsuko yawo umodziumodzi, ngati akuipukuta, ngati denga la chipinda chakumbuyo analikonza. Dzuwa litapendeka anati, "Tiyeni ndikutayeni," nawaperekeza mpaka pa mkuyu wa pa Nankhanga. Pamenepo anaima okha.

A Lunguzi anavula chipewa. Anayang'ana madziwo, osafika n'komwe m'kakolo, mwana akhoza kuwalumpha. Misozi inalengeza.

"Mayi," anatero, "zikomo. Bwererani pano."

Mayi Mtambalika anamwetulira, napukusa mutu.

"Mwanena bwino, a Lunguzi. Koma mawuwo si anu."

Anatembenuka, nayamba kukwera kamtunda kobwerera kumudzi. A Lunguzi akuti ataoloka anacheuka kamodzi, nawaona ataima pakati pa njira, mutu utapendekera kumsitu, ngati munthu amene wamva wina akukonza kukhosi kuti alankhule.